Mlatho Watopako Pang'ono

Padangokhala Njati, bwana wa nyama zotuta chimanga kutsidya kwa mtsinje. Mkuluyu ankagunda aliyense womubweretsera nkhani yoipa.

Tsiku lina Chule, yemwe ankakhala kunsi kwa mlatho, adaona kuti chiswe chadya mizati yonse. Adathamangira kwa Gwape, kapitawo wa ntchitoyo.

"Akapitawo, mlatho ugwa lero! Ndiloleni ndikawauze bwana."

"Iwe, ndi kukamwa kwakoko?" adatero Gwape. "Akuluakulu sawauza choncho. Ndikanena ndine."

Gwape adakagwada chapatali, nayamba ndi moni wautali. Njati atangopukusa nyanga, Gwape adawafewetsa mawu a Chule aja.

"Bwana, mlatho uja watopako pang'ono."

"Tonse tatopa," adatero Njati, nasenza matumba n'kuuyamba ulendo.

Chule adakuwa kunsiko mpaka kusasa mawu, koma ndani amamvera chule akamalira? Njati atafika pakati, mlatho udangoti phwoo! Iye khuvuu m'madzi, chimanga chonse n'kukokoloka.

Atavuuka adabangula, "Bwanji simudandiuze?"

Gwape adagwadanso.

"Tidakuuzani, bwana. Kungoti tidakuuzani mwaulemu."