Kalata Yositidwa

"Kodi kalata yopanda sitampa imayenda bwanji?" mwana wa telala anafunsapo tsiku lina. Mayi akewo anamuyankha kuti za anthu osaona positi imanyamula ulere, bola phukusi likhale lotsegula, kuti antchito athe kusuzumiramo.

Mpata umenewo ndi umene mvula inalowerapo. Phukusi la aneba awo, aphunzitsi opuma ntchito amene saona, linafikira kwa telala lili lonyowa. Pofuna kuthandiza, telala anayala mapepala atatu a m'phukusimo pathebulo losokera n'kuwasita ndi simbi yamoto mpaka anawongoka bwinobwino.

Tsopano anali chiimire pakhomo pa aphunzitsiwo, kuyang'ana zala zawo zikufufuza timadontho totukuka timene amawerengera. Zinafika kumapeto kwa pepala, zinabwerera, zinayambiranso.

"Amake mwana, pepalali mwalitani?"

"Linanyowa, aphunzitsi. Ndangolisita kuti liume."

Aphunzitsi anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma. "Mwasita mng'ono wanga ngati malaya."

Mng'ono wawoyo, wosaonanso, anaikidwa m'manda sabata yatha. Kalatayi anailemba ali gone m'chipatala.

Telala anatola pepala limodzi n'kulipendeketsa pawindo. Timithunzi ta madontho tinkaonekabe mwa apo ndi apo.

"Zilembo zanuzi sindizidziwa," anatero, "koma maso ndili nawo. Ndizikuuzani pamene pali kadontho, inu muzilumikiza mawu."

"Ndi tambirimbiri, mayi. Tina tafufutikiratu."

"Makina osokera adikira. Dzuwa likamafika pawindo pano ndizibwera, tsiku ndi tsiku, mpaka timve zimene ananena."