Vesiti ya Adokotala

"Mtima wanu ukuyenda mtunda ndithu," adatero dokotala akuyang'ana pakompyuta. "Koma mimbayi yakana kuuperekeza."

Bambo a mapasa adaseka mokakamiza. Chipatala chidawapatsa vesiti yolukidwa ndi ulusi wa siliva, yomwe ikakhudza khungu imamva kugunda kwa mtima n'kumatumiza kwa dokotala nthawi yomweyo. Dokotala adawalamula kuti aziivala ndi kumayenda m'mawa uliwonse. Iwo adangoiveka mlamu wawo, yemwe ankagona pabalaza kunyumba kwawo. Munthu wodya zaulere, nanga kuyendako kungamuphe?

"Vesiti mwavala?" adafunsa dokotala.

"Sindivula, adokotala," adayankha akukokera jekete pachifuwa.

"Ndinu munthu wa zozizwitsa. Mwakhala phee pampando, koma mtima wanu ukukwera masitepe utasenza katundu."

Akazi a bambo a mapasa, omwe adakhala pambali, adatembenukira amuna awo. "Si mwasiya achimwene anga akukweza sofa yanu yatsopano ija?"

Dokotala adayang'anitsitsa pakompyuta, nthabwala zonse zidamuthera. "Mtima uwu ukudumphadumpha moopsa, ukhoza kuima nthawi iliyonse. Auzeni atule katunduyo, abwere kuno msanga."

Bambo a mapasa adaimbira foni mlamu wawo uja. Sidayankhidwe. Adaimbanso, zii. Adadzambatuka, natsika masitepe a chipatala awiriawiri, liwiro la kunyumba.

Dokotala adasuzumira pawindo nawaona akudutsa pageti, mimba patsogolo.

"Taonani, mayi," adatero. "Mwezi wonse ndawachonderera kuti aziyenda. Lero athamanga, vesiti alibe."