Fikirini wa pa Fesibuku

"Fikirini ameneyu ndi ndani wako?" Kingsley anafunsa mkazi wake, Tiyamike, akumuloza ndi foni.

Pa gulu la Fesibuku la anthu a ku Lirangwe, mkangano wa magetsi unali utafika povuta. Kingsley, mwini chigayo cha dizilo, ankalemba kuti sola ndi zidole za anthu olemera. Fikirini ankamuyankha mofatsa koma molasa, anthu n'kumaseka. Ndipo pansi pa yankho lililonse, kamtima koyamba kankakhala ka Tiyamike.

Tsikulo Fikirini anaulula kuti chigayo cha Kingsley sichinawonongeke monga iye ankauzira anthu, changosowa dizilo. Nkhaniyi ankaidziwa awiri okha, Kingsley ndi mkazi wake.

"Ukumuuza za m'nyumba muno! Mumakumana kuti? Ku Chileka kuja umati ukukaona amayi?"

Tiyamike analowa kuchipinda n'kubwera ndi kafoni kakale kong'aluka galasi. Anakatsegula n'kumupatsa. Pamwamba panali dzina lakuti Fikirini.

"Ndine. Ndikayamba za sola muno mumati mkazi akudziwa chiyani. Koma Fikirini mumamuyankha mpaka batire kutha."

Kingsley anakhala pansi, akuyang'anabe kafoniko.

"Nanga timitima tija?"

"Munthuyo amalankhula zanzeru," Tiyamike anayankha.