Boneti ya Mkamwini

Makaniko wina wamkulu, katswiri amene anakonzapo malole m'maiko asanu ndi awiri, anamenya boneti ya galimoto yatsopano ya mkamwini wake.

"Mwaimva mmene yafikira mwakachetechete? Mapulagi atha! Ine ndimayeza ndi khutu, osati kompyuta," anatero mokweza, amakaniko anzake akumvetsera.

Atatsegula boneti, anapezamo ambulera ndi nsapato za mwana wake wamkazi. Injini munalibe.

Mkamwini anawerama n'kunong'ona: "Bambo, ndi yamagetsi. Ndangobwera kuti muione."

Mmodzi mwa amakaniko aja anatsokomola chifuwa chabodza. "Achimwene, ndiye ambulerayi tiigulire mapulagi angati?"

Mkuluyo anatseka boneti pang'onopang'ono, n'kutulutsa kansanza m'thumba. Anapukuta manja kwa nthawi yaitali, ngakhale analibe ndi dontho lomwe la oyilo.