Pansi Pano Papepuka

Mkamwini anachenjerera apongozi ake aamuna dzinja lathali, pamene anawanyengerera kuti asinthane nyumba. Ankati yakeyo ndi yaikulu, yoyenera munthu wamkulu.

Tsopano m'nyumba yaikuluyo chitseko cha kuchipinda chinkakana kutsekeka, ndipo mumng'alu wa pakhoma munkalowa dzanja lonse. Mwana wawo wamkazi, mkazi wa mkamwiniyo, atauona, anawachenjeza bambo akewo.

"Bambo, musagonenso muno."

"Ukudziwapo chiyani iwe?"

"Kuntchito kwa bambo a anawa amayang'anira masetilaiti, makina awiri ouluka motsatizana kumwamba. Amayeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Akuti dera lino lapepuka. Madzi apansi atha, ndiye nthaka ikutitimira."

Bambowo anagwira khoma. Kudenga kunathetheka kanthu, fumbi n'kuwagwera pamutu.

"Anadziwa liti mwamuna wakoyo?"

Mwanayo anazolika. "Musanasinthane."

"Nanga iwe?"

Mwanayo anangotola chikwama chake n'kukaima panja, kutali ndi khoma.

M'mawa mwake mkamwini anatumiza thumba la simenti, ati apongozi amatire mng'aluwo. Iyeyo akugonabe m'nyumba yakale ya apongozi ake ija, yomangidwa pathanthwe, kutali kumapiri.