Mpando wa Kuwindo

"Akukuitanani ku Roma, a Munir!" anatero mphunzitsi wake wa ku yunivesite pafoni. "Kafukufuku wanu uja amukonda. Za viza musadandaule, ituluka msanga."

"Zikomo, mayi," anayankha Munir, n'kudula foni. Anali atangofika kunyumba kuchokera kumzikiti wa ku Luka, komwe anaswalira maliro opanda mtembo.

Kwa zaka zambiri, akaweruka paulonda wake pageti la mgodi, ankafufuza ndi kulemba za momwe boma la Italy limachitira ndi mayiko a mu Africa, makamaka pankhani yobweza mabwato a anthu owoloka nyanja pofuna kulowa m'dzikomo. Panyumba sankakamba china. Mng'ono wake Sulaimani ankamvetsera zonsezo, koma chomwe anatolapo n'chakuti kutsidyako kuli ntchito. Kontirakiti yake itatha kumgodi, ananyamuka ulendo wa ku Libya kuti akawolokere ku Italy. Bwato lomwe anakwera silinafike.

Hanifa, mkazi wa Sulaimani, anali khale pamkeka atayang'ana khoma. Misozi inali itamuthera kale.

"Amati chiyani a pafoniwo, alamu?" anafunsa osatembenuka.

"Akuti ndipite ku Italy, ndikafotokoze za mabwato."

"Mupita pa chiyani?"

"Pa ndege."

"Ndegeyo imadutsa pamwamba pa nyanja ija?"

"Imadutsa."

Hanifa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukonza mpango wake.

"Ndiye mukapemphe mpando wa kuwindo, alamu. Mwina mukawaona amuna anga."