Nsapato ya Mwana wa Alendo

Boma litasintha, njira ya m'nkhalango ya Ntchisi imene anyamata a chipani analowera ndi amuna ake a Lusiya, n'kubwerako okha, anaikuza n'kuikamo mabenchi kuti mabanja a m'tauni aziyendamo ndi ana awo. Lusiya, wamasiye wopanda manda olirapo, anamulemba ntchito yoisesa.

Tsiku lina kutada, abwana anamutuma kukafuna nsapato imene mwana wa alendo anataya. Anaipeza. Pobwerera anaona kuti mabenchi aja palibe, njira yaning'a ngati kale, udzu ukumukwapula m'miyendo.

Kumbuyo kwake munthu anatsokomola. Chifuwa chimenecho Lusiya ankachidziwa.

"Amake Fanny," anatero mawuwo motsitsa, "nsapato ya mwana wa eni mwabwera kudzaifuna ndi nyali. Nanga ine?"